Lira, Ng'oma ya ku Malindi

Khalani chete, a kumadoko! Asodzi, gonekani nkhafi. Amayi oyanika usipa pathandala, pukutani manja. Wang'oma, wamba chikopa pamoto chikungike, lero tikuitana eni ake ufulu, aliyense ndi dzina lake.

Lira, ng'oma! Inu a Makanjira, Gombe-losakocheza-adani, mtsamunda Maguire anabwera mu Disembala 1891 kudzatentha zombo zanu, iye natsala m'madzi. Inu a Jalasi, Phiri-lokana-kukweredwa, munatseka njira mpaka 1895. Ng'oma sinama: manja anu anagwiranso goli la akapolo, ndipo misozi ya ogulitsidwawo sitiiwala. Koma mbendera ya mlendo munaikana muli chilili.

Lira, ng'oma! Inu a John Chilembwe, Mbusa-wa-ku-Mbombwe, Wooloka-nyanja-yamchere, munakaphunzira ku Lynchburg, ku America, dziko limene nalonso linadula chingwe cha Angelezi mu 1776. Munabwerako mu 1900 ndi Baibulo ndi sukulu. Thangata itanyanya ku Magomero, ana athu akukafera nkhondo ya eni, pa 23 Januwale 1915 munati basi! Munagwa pa 3 Febuluwale, tchalitchi chanu nachigumula, koma mbewu inali italowa kale m'nthaka.

Lira, ng'oma! Inu a Levi Mumba ndi a James Sangala, Omanga-mtolo-umodzi, mu 1944 munasonkhanitsa timabungwe ta m'maboma kukhala Nyasaland African Congress. Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chitatigwera mu 1953, tinali kale ndi pakamwa pokanira.

Tsopano gunda mwamphamvu, pakuti tafika pakhomo pathu! Inu a Henry Masauko Chipembere, Mwera-wa-ku-Malindi, Lilime-lotutumutsa-Zomba, mwana wa wansembe, wophunzira wa ku Fort Hare. Munagwirapo ntchito ya atsamunda pa boma la Fort Johnston pomwe pano, nimuitaya. Mu 1956 munalowa m'nyumba ya malamulo pamodzi ndi a Kanyama Chiume, nduna za atsamunda nizituluka thukuta ndi mafunso anu. Ndinu munalemba makalata oitana dotolo amene anakhalitsa kunja.

Inu a Hastings Kamuzu Banda, Wophwanya-chitaganya, munatsika pa Chileka pa 6 Julaye 1958, dziko lonse nilifuula Kwacha! Mbandakucha wa pa 3 Malichi 1959 anakutengani mutavala zogonera. Ku Gweru munakhala m'ndende ndi a Chipembere, a Dunduzu ndi a Yatuta Chisiza. Inu a ku Nkhata Bay, Zifuwa-zokumana-ndi-zipolopolo, munafera padoko pofuna abale anu otsekeredwa m'sitima ya Mpasa. Inu mayi Rose Chibambo, Wolowa-ndende-ndi-khanda, munayamwitsa mwana alonda akuyang'ana. Inu a Orton Chirwa, Wokoleza-moto-wozimitsidwa, munayambitsa Malawi Congress Party anzanu ali m'ndende ku Kanjedza. Inu bambo Habil Chipembere, Wosunga-mpando-wa-mwana, pachisankho cha 1961 munaimira anthu a kuno mwana wanu ali m'ndende kachiwiri.

Luluterani, amayi! Chitaganya chinafa pa 31 Disembala 1963. Pa 6 Julaye 1964 mbendera yakuda, yofiira ndi yobiriwira inakwera, dzuwa likutuluka pamwamba pake.

Chepetsa dzanja, wang'oma, apa m'pamisozi. Miyezi iwiri yokha, nyumba inang'aluka. Nduna zinafunsa za tiki yolipira kuchipatala, za chibwenzi ndi Apwitikizi, za munthu mmodzi kugwira zonse. Zina zinachotsedwa, ndipo inu, Mwera, mutabwera kuchokera ku Canada, munatula pansi unduna wa maphunziro kuti muime ndi anzanu. Anakutsekerani ku Malindi, inu nimulowa m'mapiri. Usiku wa pa 12 Febuluwale 1965 munatenga boma la Fort Johnston ndi amuna pafupifupi 200, kulinga ku Zomba. Pa Liwonde pantoni inali tsidya lina, Shire nakana kukuolotsani. Munakafera ku Los Angeles pa 24 Seputembala 1975, dzina lanu kwanu kuno likutchulidwa monong'ona.

Ndipo inu, Osalembedwa-m'mabuku! Amayi amene munapita ndi nsima kuthengo usiku, asodzi amene munaolotsa othawa osafunsa dzina, a m'midzi yotenthedwa, a mudzi wa Moto amene munakwezedwa m'malole ndi ana omwe! Mangochi analipira ufulu kawiri: kwa mtsamunda, ndi kwa mbale wake. Pa 14 Juni 1993 munavotera nyali ya zipani zambiri, pakamwa panu nipatseguka.

Mutu umodzi susenza denga, ndipo denga la Malawi linasenzedwa ndi onsewa. Mafumu a kwa Mponda, a kwa Chowe, a kwa Nankumba, aphunzitsi, mashehe ndi ansembe, atchuleni mainawa pabwalo, m'kalasi, pa beni ndi pa manganje. Anyamata ndi atsikana a ku Namwera ndi ku Monkey Bay, kafunseni agogo anu akadali moyo amene anatengedwa m'mudzi mwanu, mulembe dzina lake, mulifuule masana!