Ndakatulo za CDF Zaiwala Munthu

Caka cino ndawerenga ndakatulo zingapo zotamanda CDF, zolembedwa ndi acinyamata a ku Petauke ndi ku Nyimba. Pafupifupi zonse zili ndi cilema cimodzi: zikuimbira ndalama, munthu osamuona.

Nkhaniyo ndi yaikuludi. Mu 2022 boma linakweza thumbali kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu aliyense. Gawo lina limalipirira acinyamata kuti aphunzire ukalipentala, utelala, kuwocherera zitsulo ndi zamagetsi m'masukulu ovomerezedwa ndi TEVETA, monga Ukwimi Trades. Koma mlakatuli akangondandalika manambala n'kubwereza "citukuko" kasanu, walemba cikwangwani ca khonsolo.

Ana anga m'kalasi ndimawauza kuti ndakatulo iyambire tsiku lolandira satifiketi. Tionetseni mtsikana wa ku Petauke amene wamaliza kosi ya utelala, makina alibe, msika wadzala salaula. Tionetseni mnyamata wodziwa kuwocherera amene magetsi anamuthawa mu 2024, n'kubwerera pamsewu wa Great East ku Nyimba kukakweza nthoci pamawindo a mabasi. Amene zamuyendera nayenso aoneke: desiki loyamba limene anakhoma, ndi fungo la matabwa m'zovala zake.

Anzanga, phungu ali kale ndi omuombera m'manja. Inu lembani za mlongo wanu amene wapacika satifiketi pakhoma, mawa lake n'kudzuka osadziwa kolowera.