Manja a Wofolera ku Kabwata

M'mbali mwa msewu wa Burma mu Lusaka, pakati pa mafulati a ku Kabwata, pali tinyumba tozungulira tofolera ndi udzu. Boma la atsamunda linamangira tinyumba totere amuna obwera okha kudzagwira ntchito m'tauni, m'zaka zimene likulu la Northern Rhodesia linachoka ku Livingstone n'kudzakhazikika kuno mu 1935. Tambiri tinagwetsedwa kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1970, ndipo 43 timene tinapulumuka tinasanduka Kabwata Cultural Village mu 1974. Alendo akafika amathamangira ng'oma, madengu ndi mvuu zosema. Ine maso anga amakakamira pa madenga.

Ku Athens, likulu la Greece, kachisi wa Parthenon anayamba kumangidwa mu 447 BC, ndipo kwa zaka zambiri tsopano amisiri akhala akusema miyala yatsopano ya m'phiri la Penteli, kumene kunachokera yakale, kuti ilowe pamene panagumuka. Mwala umapirira zaka zikwi. Udzu suchedwa kutha, choncho denga la udzu limene mukuliona lero ndi ntchito ya munthu amene anakwerapo posachedwapa, ndipo luso lake ndi loyenera kuliyang'anitsitsa.

Ntchitoyi imayambira kutchire. Udzu umamwetedwa m'nyengo yozizira, cha mu Juni ndi Julayi, utauma ndiponso njere zake zitayoyoka. Wauwisi umachita nkhungu, pamene wochedwa kumweta moto wolusa umayamba ndiwo kuupeza. Wofolera akamasula mtolo, amatapa udzu wodzaza dzanja n'kuukoka pa thabwa lokhomedwa misomali yoloza kumwamba, monga mayi apesera mwana tsitsi. Masamba ndi tizinyalala zimatsalira pa misomali, m'manja mumatsala mapesi osalala okhaokha. Kupesaku n'kofunika chifukwa tsamba limasunga madzi, ndipo kuola kumayambira pomwepo. Akatero amagogoda matsinde pansi kuti alingane, n'kumanga timitolo tochepa tokwanira kugwira ndi manja awiri.

Phaso la nyumba yozungulira lili ndi nzeru yake. Mitengo yonse imachoka pakhoma n'kukakumana pansonga imodzi, ndipo mbaliro zimaizungulira mizere mizere, mzere uliwonse wocheperapo kuposa wapansi pake. Mizere imeneyi imagwira mitengo kuti isatambasuke n'kukankha khoma. Denga liyenera kupendekeka kwambiri, osachepera madigiri 45, kuti dontho la mvula litsetsereke pa phesi limodzi, ligwere pa lina, mpaka pansi, lisanapeze mpata wolowa.

Kufolera kumayambira m'munsi, cha kukhonde. Mmisiri amayala timitolo matsinde ataloza pansi, n'kudula kachingwe ka kamtolo kalikonse kuti udzu ufalikire ndi kulowana ndi woyandikana nawo. Akaiwala kutero pamatsala ngalande pakati pa mitolo, ndipo mvula ya mu Januwale siisowa. Pamwamba pa udzuwo amagoneka kamtengo kowonda kapena waya, ndipo apa m'pamene pamafunika anthu awiri. Wina ali padenga, mnzake ali m'kati mwa nyumba. Wapamwamba amabaya singano yaitali yokhala ndi chingwe cha khonje, wam'kati amailandira, kuizunguliza pa mbaliro n'kuibweza. Saonana nkhope. Amamvana ndi mawu ochepa, "Koka!", "Bwera pang'ono!", ndiponso ndi kugwedezeka kwa chingwe. Wapamwamba amapondereza udzu ndi bondo kwinaku akukoka, chifukwa mfundo yolobodoka imalola mphepo ya mu Ogasiti kusolola mapesi limodzi limodzi. Akale ankamanga ndi luzi loviika m'madzi, limene likamauma limakhwinyata n'kumangitsa lokha.

Mzere wachiwiri umaphimba wapansi mbali yaikulu, kotero kuti chingwe chilichonse chimabisika pansi pa udzu ndipo dzuwa kapena mvula sizichifikira. Chimene chimandigometsa koposa ndi kumenya kumene kumatsatira. Mmisiri amatenga kathabwa kokhala ndi chogwirira komanso mizere yogobedwa kunsi kwake, n'kumamenya matsinde mokwezera kumwamba. Mizere ija imakola nsonga za mapesi n'kuzikankha, lina pang'ono, lina kwambiri, mpaka masitepe a mizere yonse atazimiririka ndipo denga lasanduka chinthu chimodzi chosalala. Alibe choyezera. Amabwerera m'mbuyo pa makwerero, kupendeka mutu, kusisita ndi chikhatho, n'kumenyanso pamene dzanja lamuuza kuti patukuka. Chimene mvula imakhudza pa denga lotere ndi nsonga za matsinde zokha, mbali yolimba kwambiri ya udzu, pamene utali wonse wa phesi uli m'kati mouma. Mpweya wotsekeredwa m'mapesiwo ndiwo umachititsa kuti osema ziboliboli azikhala m'kati mozizira bwino dzuwa la mu Okutobala likuswa mtengo.

Pamene denga likuwonda, ntchito imakulirakulira. Udzu umene unayalidwa pa bwalo lalikulu uyenera tsopano kukwana pa kabwalo kakang'ono, choncho mmisiri amachepetsa timitolo, kusankha mapesi aafupi ndi kudula nsonga zothinana. Pansonga penipeni amasonkhanitsa udzu wa mbali zonse, kuupinda, n'kuuzengereza chingwe mwamphamvu. Ena masiku ano amavekapo chipewa cha simenti kapena cha lata, poti madenga ambiri amayambira pamenepa kudontha. Akatsika amazungulira nyumba ndi zenga kapena sizasi yaikulu, akudula mphonje za m'khonde kuti madzi azigwera kutali ndi khoma.