Ku Dubai nyanja ilipo, koma amafikako ndani?

Ambiri mwa ife aMalawi okhala kunja mzinda wa Dubai timaudziwa m'njira ziwiri: ndi pamene timasinthira ndege popita kumudzi, kapena ndi kumene alongo athu a geni amakaoda zovala, mafoni ndi mafuta onunkhira. Ine ndinakhalako masiku 6 mu Novembala 2024, kuperekeza mlamu wanga amene amaoda katundu ku Deira. Koma ndinali ndi yangayanga nkhani. Chindipezereni adokotala ndi BP ndimathamanga m'mawa uliwonse, ndipo pokhala mwana wa ku Nkhotakota, ndikaona madzi thupi limandiyabwa. Choncho pamene mlamu ankawerenga makatoni, ine ndinkafunafuna pothamanga ndi posambira. Zimene ndinapeza ndi zimene ndikufuna tikambirane, chifukwa pamapeto pake zikutikhudza ife tomwe.

Ndinafika nthawi imene mzindawu umadzichemerera kwambiri pa nkhani ya masewero olimbitsa thupi. Chaka chilichonse kuyambira 2017 kumakhala Dubai Fitness Challenge, imene anayambitsa ndi Sheikh Hamdan bin Mohammed, mwana wa wolamulira wa Dubai. Mfundo yake ndi yosavuta: aliyense achite masewero mphindi 30 patsiku kwa masiku 30. Zikwangwani za 30x30 zinali ponseponse. Pachimake pa mwambowu pamakhala Dubai Run, imene inayamba mu 2019, pamene amatseka msewu waukulu wa Sheikh Zayed kuti anthu athamangemo mwaulere, ena makilomita 5, ena 10. Okonza mwambowu anati mu 2024 anthu 278,000 ndi amene anachita nawo. Munthu ukamva zimenezi umati ndafika kumudzi kwa othamanga.

Komatu ine mzinda sindiuyesa ndi chikondwerero cha tsiku limodzi. Muyeso wanga ndi uwu: kodi munthu wamba akadzuka Lachiwiri wamba, angathe kumanga zingwe za nsapato, kutuluka pakhomo, n'kuthamanga popanda kukwera galimoto kapena kupisa m'thumba? Kodi angafike pa madzi? Pa muyeso umenewu Dubai wakhoza mbali ina, mbali ina walephera, ndipo pamene walephera mpomwe pali phunziro.

Ndiyambe ndi zabwino, pakuti kunyoza chilichonse si nzeru. M'mbali mwa nyanja ku Jumeirah muli njira ya oyenda pansi ndi othamanga yotalika makilomita 14, imene inatsegulidwa mu 2014, ndipo imakathera cha ku hotela yotchuka ija ya Burj Al Arab. Pothamangapo anaikapo mphira wofewa, moti mawondo a munthu wa zaka ngati zanga amathokoza. Mitunda inalembedwa pansi, zimbudzi ndi malo osambirapo madzi abwino zilipo, ndipo salipiritsa. Pa gombe la Kite Beach ndinathamanga makilomita 6, kenaka n'kudziponya m'nyanja, opulumutsa anthu ali pa nsanja zawo, mbendera zochenjeza za mafunde zili petupetu. Pamenepo ndinavula chipewa. Mizinda yambiri yolemera imene ndinafikako ilibe chinthu chotere.

Vuto ndi lakuti ine sindinkagona ku Jumeirah. Ndinkagona ku Deira, kumene amagona aMalawi, aTanzania, aNigeria ndi ena onse obwerera geni, ndipo kumakhalanso anthu ambiri ogwira ntchito za m'masitolo. M'mawa woyamba ndinatuluka 5 koloko itangodutsa. Ndinathamanga mphindi zochepa chabe, njira ya oyenda pansi n'kuthera pa mpanda wachitsulo wa pakati pa msewu. Nthawi imeneyo, kudumpha pamenepo kunali kudziitanira chindapusa cha ma dirham 400. Ndinabwerera kukafuna mlatho wa oyenda pansi, ndipo nditawoloka ndinakumana ndi ngolo za katundu ndi malole otsitsa makatoni. Mpata wokhawo umene ndinaupeza ndi m'mbali mwa Creek, khwawa la madzi a mchere limene limagawa mzinda wakale pakati, pamene mabwato a matabwa otchedwa abra amawolotsa anthu pa dirham imodzi. Pamenepo mpokoma, koma ndi pafupi, ndipo umangozungulira pamodzimodzi ngati mbuzi ya pachingwe.

Kuti ndikafike ku mphira wofewa uja ndinayenera kukwera. Sitima ya Metro, imene inayamba kuyenda pa 9 Sepitembala 2009, ndi yaukhondo ndiponso yosunga nthawi, koma njanji yake yaikulu imatsata msewu wa Sheikh Zayed, kumene kuli maofesi ndi masitolo akuluakulu. Ku gombe la Jumeirah siifika. Ukatsika uyenera kufunanso basi kapena takisi. Tsiku lina ulendo wopita ndi wobwera unanditengera nthawi yaitali kuposa kuthamanga kwenikweniko. Tsono taganizani munthu woyamba ntchito 7 koloko.

Apa mpamene ndinayamba kuiona Dubai Run ndi diso lina. Msewu wa Sheikh Zayed ndi umene uli mpanda waukulu pakati pa mzinda ndi nyanja: mizere ya magalimoto yambirimbiri mbali iliyonse, yosawolokeka ndi phazi pokhapokha upeze mlatho. Kuutseka m'mawa umodzi pachaka kuti anthu ajambulitsepo zithunzi n'kosangalatsa ndithu, koma pafupifupi masiku onse otsalawo msewuwo ndi wa magalimoto. Anthu 278,000 aja akungosonyeza kuti ofuna kuthamanga alipo ochuluka zedi. Funso ndi lakuti mawa lake amakathamanga kuti. Chimodzimodzinso mpikisano wa Dubai Marathon: mu 2008 Haile Gebrselassie wa ku Ethiopia anapambana pa maola 2, mphindi 4 ndi masekondi 53, n'kulandira madola 250,000. Dzina la mzinda linamveka dziko lonse. Koma kuitana katswiri ndi ndalama n'kwina, kumupatsa mlonda wa pageti pothamangira n'kwinanso.

Ena adzati mapaki alipo. Alipodi, ndipo ngosamalidwa bwino. Koma akuluakulu ake, monga Zabeel Park ndi Al Mamzar, ali ndi mpanda ndi geti, ndipo polowa umalipira ma dirham 5. Kwa mlendo ngati ine imeneyo si ndalama, koma kwa wolandira zochepa amene theka la malipiro ake amatumiza kwawo, kulipira tsiku ndi tsiku kuti aponde udzu sikungakhale chizolowezi. Nkhani ya Safa Park ndiyo imaonetsa bwino chimene chimatsogola mumzindawu. Pakiyi inatsegulidwa mu 1975, ndipo kwa zaka zambiri othamanga ankazungulira mpanda wake. Pamene ankakumba ngalande ya Dubai Water Canal, imene inatsegulidwa mu Novembala 2016, mbali ina ya pakiyo inadyedwa. Zoona, m'mbali mwa ngalandemo anaikamo njira zokongola za oyenda pansi. Koma mitengo ya zaka 40 m'chipululu siibwezedwa ndi simenti, ndipo wothamanga aliyense akudziwa kusiyana kwa mthunzi ndi nyali zamitundumitundu.

Pa zosambira nkhani ndi yomweyo. Hotela imene tinagonamo inalengeza kuti ili ndi dziwe losambiramo. Nditakwera padenga ndinapeza kadziwe koti ukatambasula manja kanayi wafika kutsidya. Amene amafuna kusambira kwenikweni, kupita n'kubwera, ayenera kulipira ku jimu, ku kalabu kapena ku hotela yaikulu. Dubai ali ndi Hamdan Sports Complex, kumene kunachitikira mpikisano wa dziko lonse wa kusambira mu 2010, koma ili kutali kunja kwa mzinda, koti wopanda galimoto amaganiza kawiri. Chilumba chochita kupanga cha Palm Jumeirah, chimene anayamba kumanga mu 2001, chinawonjezera gombe lalitali kwambiri, koma lochuluka mwa gombelo ndi la mahotela ndi eni nyumba. Ine chimene chinandipulumutsa ndi Al Mamzar, paki ya m'mbali mwa nyanja imene inatsegulidwa mu 1994 kufupi ndi malire a Sharjah, chifukwa ndiyo ili pafupi ndi Deira. Kumeneko ndinasambira limodzi ndi mabanja a ku India, Pakistan ndi Philippines, ndipo mpamene ndinamva kuti ndili pakati pa anthu, osati m'chithunzi cha pa kalendala.

Chodabwitsa n'chakuti Dubai anamangidwa ndi osambira. Mafuta asanapezeke mu 1966, chuma cha gombe limeneli chinali ngale, ndipo amuna ankamira pansi pa nyanja ndi mpweya wa m'mapapo okha kukatola nkhono zake, mpaka pamene ngale zochita kuweta za ku Japan zinagwetsa malondawo m'ma 1930. Ntchito imeneyo inali yowawa, ndipo ambiri mwa omirawo anali amphawi omangika ndi ngongole. Kale wosauka ndiye ankalowa m'madzi kuti wolemera apindule. Lero wolemera ndiye ali m'madzi, wosauka akupukuta mipando ya pa gombe.

Sindikunena izi mongopeka m'mutu. Pa sitolo ina ku Deira ndinamva mlonda akuyankha foni m'Chichewa. Titapatsana moni ndinamufunsa kumene amasambira, popeza anati kwawo ndi ku Mangochi. Anaseka. "Achimwene, ntchito ndi maola 12, basi ya kampani imatitenga n'kutibweza ku kampu. Nyanjayo ndimaionera pa foni ngati mmene amaionera amayi kumudzi." Anali atakhala mumzindawo zaka ziwiri. M'dziko limenelo anthu pafupifupi 9 mwa 10 aliwonse ndi obwera, ndipo ambiri mwa iwo amagona m'madera ngati Sonapur ndi Al Quoz, kumene mphira wofewa uja sunafikeko. Zikwangwani za 30x30 zimalankhula ngati vuto la anthu ndi ulesi, pamene kwa mnyamata ameneyu vuto ndi nthawi ndi mtunda.

Tisaiwale kuti kumeneko kumatentha, ndipo dzuwa silinalengedwe ndi boma. M'miyezi ya Julayi ndi Ogasiti kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo madzi a m'nyanja amafunda kupitirira madigiri 30, moti kulowamo kuli ngati kusamba madzi ophitsa. N'chifukwa chake kuyambira 2005 pali lamulo loletsa ntchito za padzuwa masana, limene masiku ano limagwira kuyambira 12:30 mpaka 3 koloko, kuchokera pa 15 Juni kufika pa 15 Sepitembala. Mu 2023 akuluakulu a mzinda anaika magetsi amphamvu ndi opulumutsa anthu pa magombe atatu, Jumeirah 2, Jumeirah 3 ndi Umm Suqeim 1, kuti anthu azisambira usiku mwaulere. Imeneyi ndiye nzeru yeniyeni, chifukwa imathandiza ngakhale woweruka mochedwa, ndipo ndiiyamikira kuposa mipikisano yonse ija. Ikusonyezanso kuti akafuna angathe. Chotsala n'choti nzeru yomweyo ifike kumene kumagona antchito, pamodzi ndi mitengo, njira za oyenda pansi zolumikizana, ndi madziwe a boma otsika mtengo.

Tsono ndisanamalize kuloza Dubai chala, zala zitatu zikuloza ine. Ife tili ndi nyanja ya madzi abwino yotalika pafupifupi makilomita 580, imene sitinachite kukumba. Koma pitani ku Senga Bay ku Salima kapena m'mbali mwa msewu wa Mangochi kupita ku Monkey Bay, muone mmene mipanda ya malo ogona alendo ndi nyumba zopumulirako zandandalikira, anthu a m'mudzi akuchita kuzungulira kuti akachape ndi kukokera mabwato. Ku Lilongwe ndi ku Blantyre wothamanga m'mawa amalimbirana msewu ndi maminibasi ndi a kabaza, ndipo mwana wa ku Ndirande kapena ku Kawale amene akufuna kuphunzira kusambira ayenera kukhala ndi kholo la ndalama kapena kulowa mumtsinje wauve. Ndipo tinene zoona: ena mwa amene akugula mapuloti a m'mbali mwa nyanja ndi ife tomwe a kunja kuno, ndi mapaundi ndi madola athu. Timabwerera ku Dubai ndi zithunzi, n'kumati tikamange zotere kwathu. Nthawi zambiri chimene timatengera ndi mpanda, osati njira ya makilomita 14 yaulere ija.

Kwa inu amene mudutsa ku Dubai ndipo mumakonda kuthamanga, tengani nsapato zanu. Dzukani dzuwa lisanatuluke, kwerani basi ya ku Jumeirah kapena pitani ku Al Mamzar, sambirani pamene pali opulumutsa anthu, ndipo mbendera ikakhala yofiira musalowe, ngakhale munakulira ku Nkhotakota. Koma mukamagula puloti ku Salima, kumbukirani mlonda wa ku Mangochi uja, ndipo pomanga mpanda siyani njira yoti anthu azifikira ku madzi.