Msenza-mchere, Mwini Njira ya ku Ausangate

Ilire tinya! Ti-ndi, ti-ndi, ti-ndi! Kang'oma kogwira ndi dzanja limodzi kamveke kuchokera kumudzi wa Tinki mpaka kumudzi wa Upis, m'munsi mwa phiri la Ausangate ku Peru. Patukani, alendo inu a ndodo zachitsulo ndi majekete owala, mwini njira akudutsa. Ndi uyo patsogolo, belu lili ngwerengwere m'khosi, ulusi wofiira uli lendelende m'makutu, anzake ali ndondondo pambuyo.

Iwe lama! Msenza-mchere, Khosi-njo, Mphwake-wa-ngamira wopanda linunda. Chiponda-mofewa wa zala ziwiri, amene umadutsa padambo n'kusiya udzu uli chilili pomwe hatchi ikanasiya chithaphwi. Mdzukulu wa gwanako wa kutchire, amene makolo a anthu a mapiri a Andes anakulowetsa m'khola zaka pafupifupi 6,000 zapitazo. Goli silinakugwirepo khosi, mkaka wako ndi wa mwana wako yekha, ndipo wofuna kukukwera pamsana ayambe wasanzika kwawo.

Kakana-mopyola iwe, Sikelo-yamoyo! Thumba lolukidwa ndi ubweya wa abale ako amaliyala pamsana popanda chishalo, chingwe chopota amachizunguliza m'mimba n'kuchikoka bondo atatsamiritsa m'nthiti mwako. Makilogalamu 25, wavomera. Makilogalamu 30, wayang'ana cham'mbali koma wanyamuka. Awonjezepo botolo la gasi la wophika ndi mpando wopinda wa bwana, basi wapinda mawondo, khwithi, wagona pakati penipeni pa njira. Akoke, akankhe, akuwe m'Chikechuwa kaya m'Chisipanishi, iwe uli phee, ukubzikula, maso ali kuphiri. Akakuumiriza umagoneka makutu kumbuyo, ndipo wodziwa amathawiratu, poti chikubweracho ndi udzu wadzulo wochokera m'mimba, wobiriwira, wonunkha, tho, pamaso! Mlavula-mwano! Ena amati uli ndi liuma. Ine ndikuti pa ulendo wonsewu ndiwe wekha wodziwa malire a msana wako. Anthu onyamula katundu pa njira ya ku Machu Picchu anachita kudikira lamulo la boma la mu 2001 kuti mitolo yawo ichepe, pomwe iwe lamulo lako unabadwa nalo.

Ti-ndi, ti-ndi! Mwendanjira wa pa Qhapaq Ñan, msewu wa mafumu a Inca wa makilomita pafupifupi 30,000, wa masitepe amiyala amene mahatchi ankapunthwapo iwe ukungokwera. Unatsitsa mchere wa ku Uyuni kupita nawo kuzigwa, n'kubwerako ndi chimanga. Mtsamunda wa ku Spain Francisco Pizarro atafika mu 1532, migodi ya Potosí itatsegulidwa mu 1545, unasenza chuma chimene phindu lake sunalilawe. Nkhosa za atsamunda zinalanda msipu wa m'munsi, iwe ndi abusa ako n'kukwera, n'kukwerabe, mpaka kumene chimanga sichimera, kumene kuli mphepo ndi ichu, udzu wolasa uja.

Mchenjeza-mbuye! Akale a ku Huarochirí ankasimba za lama imene inakana kudya, ikungolira pamsipu wabwino. Mwini wake atapsa mtima anaigenda ndi chitsononkho, ndipo pamenepo inayankhula ngati munthu, inamuuza kuti nyanja yatsala pang'ono kusefukira. Anathawira limodzi paphiri la Villca Coto, anapeza nyama zonse zitaunjikana kale, ndipo nkhandwe imene inasowa pokhala inanyowetsa mchira, n'chifukwa chake nsonga yake ndi yakuda mpaka lero. Munthu anakugenda, iwe unamupulumutsabe. Ilire, ilire!

Chepetsani dzanja pang'oma, wafika wamanyazi. Iwe alipaka! Mtambo-woyenda-pansi, Mng'ung'udza-podya, Nkhope-ya-khanda. Iwe sunyamula kanthu, katundu wako anamera pathupi. Huacaya wa ubweya wofufuma, suri wa ubweya wolendewera mpaka m'mawondo, woyera mbee, wakuda bii, wotuwa, wofiirira, wamawangamawanga. Mwana-wa-dambo, amene sutalikira timitsinje totsika ku madzi oundana. Mbereka-m'mawa! Miyezi 11 uli ndi bere, ndipo tsiku likakwana umadikira dzuwa lituluke kuti kamwana kaume chisanu cha usiku chisanafike. Waukhondo woposa ambiri a ife: gulu lonse limachitira ndowe pamalo amodzi, eni khola n'kudzawola, kuyanika, kusonkhezera moto, poti kuno mtengo wa nkhuni sumera. Supu wa mbatatesi amene mlendo akumwa m'nyumba yamiyala ya ku Upis, akugwedeza mutu ndi kukoma, wapsa ndi ndowe yako, koma tisamuuze mpaka atsirize mbale.

Agogo ako avikunya tingowatchula podutsa, poti iwo sadikira munthu. Taona uko, akuthamanga m'munsi mwa thanthwe, thupi laling'ono, ubweya wosalala koposa. Alenje anatsala pang'ono kuwatha m'zaka za m'ma 1960, boma la Peru linawatsekera malo ku Pampa Galeras mu 1967, ndipo lero anthu amawazinga ndi chingwe chachitali pa mwambo wa chaccu, kuwameta, n'kuwamasula. Pa chizindikiro cha dziko la Peru aimapo ndi iwowo.

Tsopano ng'oma igwade. Inu amayi, Mamay, eni khola lamiyala! Mdzuka-ndi-chisanu, Mpota-poyenda, Mwerenga-ndi-maso. Masiketi osanjikiza, chipewa chaphwatalala chamikanda, koma kuphazi nkhwaila za matayala zokha, zala zili pamtunda, zidendene zong'aluka, pomwe mlendo wavala sokosi ziwiri ndipo akunjenjemerabe. Kamtengo kopotera ulusi kali zunguliru m'mbali mwanu kuyambira mbandakucha: mukupota poyenda, mukupota pokalipira galu, mukupota poyankha moni. Alipaka ikapatuka simuthamanga ayi. Mumasolola gulaye woluka m'chiuno, kumuzunguza, phaa, mwala wagwera kutsogolo kwa mphuno yake, yabwerera yokha. Simulemba m'buku, koma madzulo pakhomo pa khola mumadziwa kuti yamaanga pakhosi ija sinalowe, ndipo mumabwerera nayo mumdima, kumene kuli nkhandwe ndi puma.

Inu Mfiiritsa-ulusi, amene mumapera tizilombo ta cochineal touma tochokera pa zomera zaminga za kuchigwa, n'kutulutsamo kufiira kumene sitolo ilibe. Inu Msunga-njala, amene mu Juni ndi Julaye mumayala mbatatesi pabwalo kuti chisanu chiilume usiku, dzuwa liiwambe masana, kenaka n'kuiponda ndi mapazi mpaka madzi atuluke. Chotsalacho ndi chuño, chakuda, chopepuka, chokhala zaka chosawola. Mbatatesi imene timakazinga tchipisi kwathu kuja kwawo n'kuno, ndipo eni ake ali nayo mitundu yosawerengeka, yofiira, yachikasu, yakuda mkati.

Pofika Febuluwale, mvula ikugwa ndi ana a alipaka atadzaza khola, mumamasula kansalu kobisika. Muli timiyala tosema tooneka ngati ziweto, tosiyidwa ndi makolo, timene sitionetsedwa wamba. Mumawaza mowa wa chicha pamisana, mumaponya maluwa ofiira, mumaboola makutu n'kumangamo ulusi, chitoliro chikulira, tinya ikulira. Mu Ogasiti, mwezi umene Pachamama, Mayi-nthaka, amati ali ndi njala, imakhala nthawi ya lama zamphongo: abambo amazigwira khosi n'kuzimwetsa chicha, kuti amene anasenza chaka chonse alawe nawo. Ng'oma yanga yatamandapo ambiri, koma bwana womwetsa wantchito wake mowa ndi dzanja lake ndamuona kuno.

Kwezani mawu, njira yayamba kuimirira! Inu Agogo Ausangate, Apu, Mutu-wa-imvi wa mamita 6,384, Mwini-ziweto, Mgawa-madzi. Sapitwa wathu wa pa Mulanje, ndi mamita ake 3,002, akanati asamukire kuno akanapezeka pansi pa misewu ya mzinda wa Cusco, ndipo Cusco ali kumapazi kwanu. Kuzungulira Inu ndi ulendo wodutsa mpata wa Arapa, nyanja za Pucacocha, kenaka Palomani, kopitirira mamita 5,000, kumene mpweya umachepa ndipo mwano umatha. Onani mlendo uja anali kulongolola ku Tinki za mapiri amene anakwerapo: masitepe khumi waima, masitepe khumi waima, mutu ukugunda, milomo yachita bii, soroche, nthenda ya pamwamba pa mapiri, yamugwira. Lama yamudutsa ndi tenti yake pamsana, osawefuka n'komwe, yaima pamwamba ikumuyang'ana.

Pampata pali apacheta, mulu wa miyala woikidwa ndi onse amene anadutsapo. Inu bambo, Taytay, Mtsogolera-gulu, mumavula chipewa, kutsegula kathumba, kusankha masamba atatu a koka osang'ambika, kuwasanja pakati pa zala, mbali yobiriwira kumwamba. Mumawauzira mpweya mutayang'ana kuphiri, mukutchula mayina a mapiri limodzilimodzi, kenaka mumapatsa mnzanu, iyenso n'kukupatsani ake. Munthu satafuna yekha kuno. Mlendo wanzeru amalandira ndi manja awiri, kamera ili m'thumba, n'kuikapo mwala wake pamulu.

Koma Agogo, imvi zanu zikuthothoka. Ng'oma isabise. Chipale cha madzi oundana cha ku Quelccaya, chapafupi nanu, chimene wasayansi Lonnie Thompson anayamba kuchiyeza mu 1974, chikubwerera m'mbuyo chaka ndi chaka. Ku Sinakara, pa mwambo wa Qoyllur Rit'i, ovina otchedwa ukuku ankakwera usiku n'kutsika ndi zibuma za madzi oundana kumsana kuti akadalitse midzi yawo, lero anasiya, poti chotsala n'chochepa. Madzi oundana akatha dambo liuma, dambo likauma alipaka idya chiyani? Bungwe la United Nations linatcha 2024 chaka cha ngamira ndi abale ake, zikomo, koma dambo silimwa chikalata.

Usiku tulukani mutenti ngakhale kukuzizira kolasa m'mafupa. Yang'anani mlalang'amba, umene eni kuno amautcha Mayu, mtsinje. Musawerenge nyenyezi, yang'anani mdima wa pakati pake. Ndi uyo Yacana, Lama-ya-kumwamba, khosi lalitali, maso awiri owala, kamwana kakuyamwa pansi pake. Akale ankati pakati pa usiku imatsika kudzamwa madzi a m'nyanja, ndipo ikanapanda kumwa dziko lonse likanamira. Ngakhale kumwambako ili pantchito.

Ti-ndi, ti-ndi-ndi! Tatsika mpata wa Jampa, tafika ku Pacchanta, kwa akasupe otentha. Alendo ali khuvu m'madzi, nthunzi ili tolotolo, akuwerengerana matuza a kumapazi. Abambo akumasula zingwe, lama zikugubuduka pafumbi kuchotsa thukuta la matumba. Pa maulendo ambiri a alendo katundu amanyamula ndi mahatchi ndi nyulu masiku ano, poti zimasenza zambiri, ndipo lama amangoiimika pambali kuti ijambulidwe, monga amachitira m'misewu ya Cusco, kamwana ka alipaka m'manja, chithunzi chilichonse n'cholipira. Midzi imene yabwezera lama pantchito yake ndiyo ilandire nthungululu zanga, poti malipiro amalowa m'khola la mwini dambo, ndipo dambolo silipondedwa ndi ziboda.

Amayi ayala nsalu zawo pamwala pafupi ndi kasupe. Inu alendo, musanenerere ngati mukugula tomato. Ulusi umenewo unapotedwa pamipata itatu imene inu munakwawa. Kuchokera mu 1836, pamene Mngelezi Titus Salt anapeza mabelo a ubweya wa alipaka mumzinda wa Liverpool n'kudzamanga nawo fakitale ndi mudzi wonse wa Saltaire, ubweya wa kuno walemeretsa anthu akutali. Umatsikira ku Arequipa, kumafakitale, n'kukatulukira m'masitolo a ku Lima ndi ku Milan ndi mtengo umene woweta ataumva angakhale pansi. Ogula amafuna woyera chifukwa umalandira utoto uliwonse, ndipo makola ayera, zakuda ndi zofiirira zachepa. Peru ali ndi alipaka zochuluka kuposa dziko lina lililonse, koma mwana woziweta amagona m'nyumba yopanda moto wokwanira mu Julaye, mwezi umene chisanu chimapha ana a ziweto m'khola.

Tamverani, lole ya venda yalira hutala kumsewu, sikelo yake ili lende pachitseko, mtengo wautchula kale ubweya asanauone. Amayi, musathamange. Tsirizani kaye kugulitsa nsalu yanu, mumwetse ziweto, venda adikire.