Pumbwa pa Chingwe: Kuunika Zithunzi za Mbalame ndi Mitengo ya Pakhomo ku Epworth

Chithunzi cha Epworth chimene chafika kutali kuposa china chilichonse ndi cha miyala yosanjikizana ya ku Chiremba, yomwe Reserve Bank of Zimbabwe inayamba kusindikiza pa ndalama zapepala m'zaka za m'ma 1980, kuphatikizapo ija ya madola 100 thililiyoni yomwe inatuluka mu 2009. Pa chithunzi cha miyalayo palibe munthu kapena nyumba, ngakhale kuti kalembera wa 2022 anapeza anthu oposa 200,000 m'derali. Chithunzi chachiwiri ndi cha atolankhani: nyumba zogumulidwa pa Murambatsvina m'chisanu cha 2005, pamene lipoti la Anna Tibaijuka wa bungwe la United Nations linati anthu pafupifupi 700,000 m'dziko lonse anataya pokhala kapena popezera ndalama. Nkhani ino ikuunika mtundu wachitatu, umene sunapatsidwe malo m'maphunziro a luso: zithunzi za mbalame ndi mitengo ya pakhomo zimene anthu wamba amajambula ndi foni m'nyengo yachisanu n'kutumizirana pa WhatsApp.

Poyamba, nyengoyo iyenera kumveka bwino. M'makalendala a ku Ulaya, chisanu chimaonetsedwa ndi chipale choyera, nthambi zopanda masamba ndi kambalame kodya njere zimene mwininyumba wakaikira. Ku Harare, mzinda wokwezeka mamita pafupifupi 1,500 kuchokera pa nyanja yamchere, chisanu cha Juni ndi Julayi n'chouma. Udzu umafiira, fumbi ndi utsi wa nkhuni zimachita chifunga, ndipo dzuwa limadutsa chakumpoto moti kuwala kwake kumafika mopendekera. Mtengo wa mabulosi umatsala nthambi zokhazokha, mango amayamba maluwa, pamene msasa umayoyola masamba kenako n'kuphuka ofiira kumapeto kwa Ogasiti. Anamzeze ochokera ku Ulaya amakhala atanyamuka kale. Zotsala pakhomo ndi mbalame za chaka chonse monga pumbwa, njiwa, mpheta ndi khwangwala. Choncho wojambula amene akutsanzira kalendala ya ku Ulaya walephera asanayambe.

Muyezo umene anthu ambiri amaweruzira chithunzi cha mbalame unachokera ku mabuku ozindikiritsa mitundu ya mbalame, monga la Austin Roberts la 1940 ndi la Michael Irwin la 1981 lonena za mbalame za ku Zimbabwe. Cholinga cha mabuku otere n'chakuti wowerenga aone mlomo, nthenga ndi mchira popanda chomusokoneza. Ojambula otsata mwambowu amagwiritsa ntchito magalasi okokera patali, a mamilimita 400 kapena kuposerapo, amene amadzaza mbalame pachithunzi chonse ndi kufufuta zakumbuyo. Ntchito imeneyi ndi yofunika pa sayansi, ndipo mabungwe monga BirdLife Zimbabwe amaidalira. Komabe kaonedwe kake n'kofanana ndi ka ndalama zija: chinthu chokongola chimazulidwa pamalo pake kuti anthu okhala nacho asaoneke.

Galasi la foni wamba limaona mbali yaikulu, ndipo mbalame imatuluka yaing'ono ngati kadontho. Potengera muyezo wa mabuku aja, chimenechi n'cholakwika. Koma cholakwika chomwecho ndicho chimapatsa zithunzizi phindu, chifukwa wojambula sangathe kuchotsa zimene zazungulira mbalameyo. Pumbwa amaoneka ali pa chingwe choyanikapo zovala, njiwa ili pa denga la malata lotsinjiridwa ndi miyala, mpheta zikumwa madzi otayikira pa chitsime cha pakhomo, popeza m'chilimwe madzi amasowa kwa mbalame monga amasowera kwa anthu. Mwambi uja woti mbalame ikakhala pauta silasika umanena za mlandu wa mbale, koma umakhudzanso wojambula: chinthu choyandikira kwambiri chimavuta kuchiona. Chithunzi chabwino cha mtunduwu ndi chimene chatha kuona bwalo la tsiku ndi tsiku ngati chinthu choyenera kupenyetsetsa.

Mtengo ndiwo umasenza tanthauzo lalikulu. Epworth inayamba ngati mishoni ya mpingo wa Methodist m'zaka za m'ma 1890, inadzaza ndi othawa nkhondo yomenyera ufulu kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ndipo inapatsidwa bodi yoyendetsa dera mu 1986. Ambiri anamanga m'malo osapimidwa, otchedwa magada, opanda chikalata cha malo. Pakati pawo pali ana ndi adzukulu a matchona ochokera ku Malawi, Mozambique ndi Zambia, amene alibe mudzi wobwererako m'Zimbabwe, ndipo lamulo la unzika la 2001 linawasiya ambiri ngati alendo mpaka malamulo aakulu a dziko a 2013 anazindikira unzika wa obadwira m'dzikomo. Mango wobzalidwa ndi njere amatenga zaka 5 kapena kuposerapo kuti abereke. Munthu sabzala mtengo wotere pamalo pamene akuganiza zochokapo mawa. Motero thunthu lalikulu la mango kapena la mapeyala pachithunzi ndi umboni wa zaka zimene banja lakhala pamalopo, umboni umene chitupa sichinapereke.

Zofooka za zithunzizi ziliponso ndipo siziyenera kubisidwa. Choyamba, ojambula ambiri amakokera chithunzi pafoni mpaka mbalame kusanduka chimbuuzi, n'kutaya bwalo limene linali mphamvu yawo. Chachiwiri, kuwonjezera mitundu kumasandutsa thambo lotuwa la Julayi kukhala lobiriwira ngati la dzinja, ndipo limeneli ndi bodza lonena za nyengo. Chachitatu n'chosowa maina. Chithunzi cholembedwa kuti "mbalame" chataya theka la nkhani yake, pamene pakhomo limodzi agogo angaitche pumbwa, mdzukulu n'kuitcha chigwenhure m'Chishona. Chichewa chili m'gulu la zilankhulo 16 zovomerezeka ndi malamulo a 2013, koma maina a mbalame ndi mitengo ndiwo amayamba kuiwalika m'tauni. Chachinayi chikukhudza wowunika mwini: n'kosavuta kukometsera umphawi. Zitsa za msasa ndi msuku zodulidwa nkhuni, makamaka mu 2019 pamene magetsi ankazima mpaka maola 18 patsiku, komanso maenje a okumba mchenga, ndi mbali ya malo omwewo.

Pomaliza, pali funso la kusunga. Zithunzi zimene Seydou Keïta anajambula ku Bamako kuyambira mu 1948 zinadziwika padziko lonse m'zaka za m'ma 1990 chifukwa anasunga manegativu ake mosamala. Chithunzi cha pafoni chimapita pamodzi ndi foniyo ikabedwa kapena kuwonongeka. Ofufuza ndi ophunzira a zilankhulo, pamodzi ndi nyumba monga National Archives of Zimbabwe, angachite bwino kusonkhanitsa zithunzizi ndi chilolezo cha eni ake, chilichonse chili ndi tsiku, dera ndi dzina la mbalame kapena mtengo m'chilankhulo cha pakhomopo. Zikapanda kusungidwa, mbiri ya Epworth ya m'zithunzi idzatsala ya miyala ndi mabwinja okha.