Dzina la Pacikuto ndi Nkhani ya M'kati

Mnyamata kapena mtsikana amene watsiriza sukulu kuno ku Cipata sakhala ndi ndalama zambiri zogulira mabuku. Akapeza kangacepe ayenera kusankha, ndipo kawirikawiri cimene cimsankhira ndico dzina lolembedwa pacikuto. Buku la mtsogoleri wa dziko, la woyimba kapena la mlaliki womveka limayamba kutengedwa, pamene kabuku ka nthano zazifupi ka mlembi wosadziwika kamatsala pathebulo kufikira katacita fumbi. M'nkhani ino tifuna kufunsa ngati kusankha kotere kuli kwa nzeru, pakuti nthawi ya munthu yowerengera njocepa monga ndalama zace.

Poyamba tisiyanitse mitundu iwiri ya kuchuka. Alipo munthu amene anachuka cifukwa ca luso lace la mau, ndipo alipo wina amene anachuka ndi nchito yina, nalemba buku pambuyo pace. Anthu awiriwa sitingawayese ndi muyeso umodzi.

Wa mtundu woyamba ndiye Julius Chongo, amene m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 ankasimba nthano za Cinyanja pa wailesi ya boma ku Lusaka, m'cigawo cochedwa Poceza m'Madzulo. Akuluakulu ambiri a kuno kum'mawa akumbukirabe m'mene anthu ankazingira wailesi imodzi pabwalo, ana ali cete. Bamboyu ankatenga nthano za makolo ndi kuzibveka zobvala za masiku ace, ndipo iye yekha ankalankhula m'malo mwa anthu onse a m'nthanomo, nasintha liu lace kuti likhale la nkhalamba, la mkazi kapena la nyama. Ernst Wendland anaphunzira nthanozi mozama, nalemba za izo pa yunivesite ya Wisconsin m'caka ca 1979, ndipo pambuyo pace zina mwa izo zinasindikizidwa pamodzi ndi Cingerezi cace.

Tsono munthu akaziwerenga papepala apeza ciani? Liu lija palibe, kuseka kuja palibe, ndi kupuma kuja kumene kunkaimitsa mitima ya omvera palibenso. Koma nthano ikhalabe ndi moyo, cifukwa mphamvu yace inali m'kasankhidwe ka mau: mau aja a mvekero amene aonetsa cinthu ciri kugwa kapena kuthawa, miyambi yoikidwa pamalo pace, ndi makambidwe a anthu amene tiwazindikira msanga kuti ngakwathu. Apa dzina ndi nkhani ziyenda pamodzi, pakuti nkhaniyo ndiyo inabala dzina. Colakwa cace ncakuti zimene zikoma m'khutu nthawi zina zitalika papepala, monga kubwereza mau kumene womvera akufuna koma wowerenga sakufuna. Wowerenga wanzeru awerenge nthano zotere mokweza, pamaso pa anzace, kuti azibwezere mpweya wace.

Wa mtundu waciwiri ndiye Kenneth Kaunda. Buku lace, Zambia Shall Be Free, linaturuka m'caka ca 1962, zaka ziwiri dziko lisanalandire ufulu. Lisimba za ubwana wace ku Lubwa, m'boma la Chinsali, za uphunzitsi wace, ndi za kutsekeredwa kwace ku Kabompo m'caka ca 1959. Buku ili nlofunika, cifukwa wolankhula m'menemo anaona zinthuzo ndi maso ace. Komatu tisaiwale kuti linalembedwa nkhondo ya ufulu iri m'kati, m'Cingerezi, ndi colinga cakuti anthu a kunja amve mlandu wa cipani cace. Ndi buku la munthu wodzinenera mlandu pabwalo, ndipo wodzinenera mlandu sachula zomgwetsa. Ndiponso silingatiuze za boma la cipani cimodzi limene linakhazikitsidwa m'caka ca 1972, kapena za masankho a 1991 amene Kaunda anagonja kwa Frederick Chiluba, popeza zonsezi zinali zisanacitike. Wofuna kumdziwa munthuyo ayenera kuwerenga bukuli pamodzi ndi mabuku a anthu ena amene anamuona ali pampando. Kumva mbali imodzi ndi kuweruza mlandu wopanda mboni.

Funso lina limene wowerenga ayenera kufunsa ndi ili: kodi anagwira colembera ndani? Anthu ochuka ambiri alibe nthawi kapena luso lolemba, cotero amasimba nkhani yao kwa mlembi wina. Kaunda anathandizana ndi mbusa Colin Morris pa mabuku ena, monga A Humanist in Africa la 1966. Mbiri ya Betty Kaunda inalembedwa ndi Stephen Mpashi, mlembi wodziwika wa mabuku a Cibemba. William Kamkwamba wa ku Kasungu, kutsidya kwa malire, amene anapanga makina a mphepo opatsa magetsi ndi zitsulo zotayidwa, anasimba mbiri yace pamodzi ndi Bryan Mealer m'buku la 2009. Kuthandizana kotere sikuli kolakwa, makamaka pamene dzina la wothandizayo lioneka poyera. Koma tidziwe cimene tiri kutama. M'buku la Kamkwamba nzeru ya makina ndi njala imene anaipirira nzace, koma kalukidwe ka mau anagawana ndi mnzace. Pamene mlembi weniweni wabisika konse, wowerenga acenjere, pakuti cikomekome ca mkuyu m'kati muli nyerere.

Nanga cifukwa ninji tinena kuti nthano yaifupi iyenera ulemu? Cifukwa m'nthano yaifupi mlembi alibe pobisala. Buku lalitali la munthu womveka lingathe kukhala ndi masamba makumi awiri opanda kanthu, ndipo wowerenga apirira cifukwa afuna kufika pamene pachulidwa mfumu yakuti kapena ulendo wakuti. Koma nthano ya masamba asanu ikafooka pa tsamba loyamba, yafa. Mlembi wace ayenera kutionetsa munthu, bvuto lace ndi mathero ace m'mau owerengeka, monga mkazi wodziwa kuphika amene akometsa ndiwo ndi mcere ndi nsinjiro zokha. Ndiye cifukwa cace nthano yaifupi ndi sukulu yabwino ya wowerenga: m'madzulo amodzi aphunzira kusiyanitsa mau ogwira nchito ndi mau ongodzaza malo.

Tikumbukenso kuti alembi amene tiwalemekeza lero anayamba opanda dzina. Samuel Nthara anali mphunzitsi cabe ku Nkhoma pamene buku lace, Nthondo, linapambana mpikisano wa mabuku a zinenero za mu Afirika ndi kusindikizidwa m'caka ca 1933. Caka cotsatira Cullen Young analimasulira m'Cingerezi. Oweruza mpikisanowo sanaone nkhope yace, anangoona nkhani. Momwemonso Namwali Serpell, wobadwira ku Lusaka, analandira mphotho ya Caine m'caka ca 2015 cifukwa ca nthano imodzi yaifupi, ndipo ndalama zace anagawana ndi anzace amene anapikisana nao. Mbozi Haimbe, nayenso wa m'Zambia, anapambana cigawo ca Afirika ca mpikisano wa nthano zazifupi wa Commonwealth m'caka ca 2019. Awiriwa analemba m'Cingerezi, ndipo ici citipatsa manyazi pang'ono ife a Cinyanja, pakuti cinenero cimene Chongo anasekera naco dziko lonse sicinathe mau.

Cotero, inu amene mwaturuka sukulu, mukatenga buku yesani kucita motere. Phimbani dzina ndi dzanja, muwerenge masamba atatu. Dzifunseni ngati anthu a m'menemo alankhula monga anthu amoyo, ngati mlembi akuonetsani cinthu kapena angokuuzani kuti iye ngwamkulu, ndiponso ngati mukadapitirira kuwerenga likadakhala buku la mlimi wa ku Cadiza. Likapambana mayeso awa, liwerengeni, kaya nla pulezidenti kaya nla mlimi. Likalephera, koma mwini wace anaona zinthu zazikulu, liwerengeni monga umboni, mukumbukire kuti mboni iri ndi mbali yace. Likalephera ponse pawiri, sungani ndalama zanu.

Ndipo pali nchito yina yokuyembekezani. Nkhani ziripo zambiri pa msika wa Kapata, pa malire a Mwami, pa Ncwala ku Mtenguleni ndi pa Kulamba ku Mkaika, ndipo zambiri mwa izo sizinalembedwe. Ngati owerenga a Cinyanja agula dzina lokha, osindikiza adzasindikiza maina okha, ndipo mnzanu wa luso amene munali naye m'kalasi adzaleka kulemba. Koma mukazolowera kuyesa buku ndi zam'kati mwace, mudzatsegulira njira alembi atsopano, ndipo kapena mmodzi wa iwo adzakhala inu.