MANTHA, UFULU NDI EDZI: KUUNIKA NTCHITO YA RACHEL JEWKES

Mau Oyamba

Kwa zaka zambiri, nkhani ya kapewedwe ka Edzi ikabuka pamsonkhano, anthu ankagaŵikana paŵiri. Ena ankati njira yake ndi kudziletsa ndi kukhulupirika m'banja, ena ankati njira yake ndi kondomu. Mkanganowo udatha mau ambiri, komabe mbali zonse ziŵiri zinkagwirizana pa chinthu chimodzi mosazindikira. Zonse zinkalankhula ngati kuti munthu wolangizidwayo ndi mfulu, kuti akamva ndi kumvetsa angathe kuchita chimene wasankha. Ntchito imene tifuna kuunika pano idafunsa funso limene onsewo adalilumpha: nanga ngati munthu amene tikumlangizayo alibe mau pa thupi lake lomwe?

Mwini funsoli ndi Mai Rachel Jewkes, dokotala amene adaphunzira ku London, nadzakhazikika ku South Africa. Kumeneko adatsogolera kwa zaka zambiri gawo lofufuza za umoyo wa amuna ndi akazi m'bungwe la South African Medical Research Council. Zolemba zao nzambiri, koma ife tiima pa ziŵiri zokha, china cha 2008 ndi china cha 2010, pakuti zonse zidachokera m'munda umodzi, ndipo kulimba ndi kufooka kwa maganizo ao kumaonekera bwino m'menemo.

Zimene Magazi Adaonetsa

Kale mu 2004, Mai Jewkes ndi anzao, motsogozedwa ndi Kristin Dunkle, adafalitsa m'magazini ya The Lancet zimene adapeza pakati pa amai oyembekezera 1,366 a ku Soweto. Amai amene ankachitiridwa nkhanza ndi amuna ao, kapena kulamulidwa mopyola muyeso, ankapezeka ndi kachirombo ka HIV kaŵirikaŵiri kuposa anzao. Koma munthu wozoloŵera kuganiza mwadongosolo akadafunsa kuti: chidayamba nchiti? Mwina nkhanza ndiyo idabweretsa kachirombo, komanso mwina mwamuna adayamba nkhanza atamva kuti mkazi wake ali nako. Zinthu ziŵiri zikapezeka pamodzi sindiye kuti china nchobala chinzake.

Kuti yankho lipezeke, padafunika kuyamba ndi anthu amene alibe kachirombo, kuŵafunsa za moyo wao, kenaka nkudikira. Izi ndizo adachita m'midzi ya ku Eastern Cape, kufupi ndi mzinda wa Mthatha. Adatsatira atsikana ndi amai 1,099 a zaka 15 mpaka 26 kwa zaka ziŵiri, ndipo mwa iwo 128 adatenga kachirombo. Mwa 253 amene pachiyambi adaanena kuti adachitiridwapo nkhanza koposa kamodzi, 45 adakatenga, ndiye kuti pafupifupi 18 pa 100 alionse. Mwa 846 otsalawo, 83 ndiwo adakatenga, pafupifupi 10 pa 100 alionse. Apa nkhanza idatsogola, matenda nkubwera pambuyo.

Chimene tichiyesa chozama koposa m'cholembedwa cha 2010 chimenechi ndi muyeso wao wachiŵiri. Sadaŵerenge mabala okha ai. Adafunsanso za mphamvu pachibwenzi: kodi mwamuna amafuna kudziŵa kumene mkazi ali nthaŵi zonse, kodi mau omaliza pa zinthu zikuluzikulu amakhala a yani. Ataŵerengera zonse, adapeza kuti matenda atsopano 11.9 pa 100 alionse akadapewedwa pakadapanda kumenya ndi kugwirira, koma 13.9 pa 100 alionse akadapewedwa pakadapanda kuponderezana kwa mtundu umenewu, kumene sikusiya chipsera pakhungu. Chifukwa chake sichovuta kuchimvetsa. Mkazi wamantha sangakane, sangafunse kumene mwamuna wagona, sangatchule zokayezetsa magazi. Komanso kafukufuku wao pakati pa anyamata a dera lomwelo adaonetsa kuti mwamuna wankhanza ndi yemwenso amachulukitsa zibwenzi, kugula chigololo ndi kuledzera. Motero mkazi wopanda mau amagona ndi mwamuna amene ali pafupi kwambiri ndi kachirombo.

Maola 50

Kudziŵa gwero la matenda ndi kwina, kuchiza ndi kwinanso. Mai Jewkes adayesa maphunziro otchedwa Stepping Stones, amene Alice Welbourn adaŵakonza ku Uganda naŵafalitsa mu 1995. M'maphunziroŵa achinyamata amakhala m'magulu, amuna paokha akazi paokha, nkumakambirana ndi kuchita timaseŵero pa za chikondi, mkwiyo, ndalama, moŵa ndi imfa, kenaka magulu aja nkukumana. Midzi ndi madera 70 adagaŵidwa paŵiri mwamaere. Ena adalandira maphunziro onse, a maola pafupifupi 50, ena adangolandira phunziro limodzi la maola 3. Onse pamodzi anali anyamata 1,360 ndi atsikana 1,416, ndipo magazi ao adayezedwa patatha chaka chimodzi, nayezedwanso patatha zaka ziŵiri.

Zotsatira zake, zimene zidatuluka m'magazini ya BMJ mu 2008, sizidakondweretse mtima kwathunthu. Chiŵerengero cha otenga HIV sichidatsike. Kachirombo kena kotchedwa HSV-2, kamene kamayambitsa zilonda kumaliseche, kadatsika ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Anyamata adanena kuti achepetsa kumenya zibwenzi zao, kugula chigololo ndi kuledzera. Koma kwa atsikana sikudaoneke kusintha kotero, ndipo patatha chaka chimodzi atsikana ophunzitsidwawo ndiwo adachulukirapo ponena kuti adagonana ndi mwamuna pofuna ndalama kapena mphatso.

Apa tiyenera kuŵayamika ofufuzaŵa. Cholinga chao chachikulu chidalephereka, ndipo adalemba poyera kuti chalephereka. Sadabise ngakhale chija chochititsa manyazi cha atsikana. Munthu amene wathera zaka pa ntchito amayesedwa kwambiri kuti akometse zipatso zake, ndipo aliyense amene adalembapo lipoti la kumapeto kwa chaka amachidziŵa chiyeso chimenechi. Kukhulupirika kwao pa zimene zidakanika ndiko kutipatsa mtima wokhulupirira zimene akuti zidatheka.

Pamene Ntchitoyi Ikupereŵera

Komabe kuyamika sikutiletsa kufunsa. Choyamba, umboni wakuti anyamata adasintha udachokera m'kamwa mwa anyamata omwewo. Mnyamata amene wakhala maola 50 akumva kuti kumenya mkazi nkoipa angathe kuleka kumenya, komanso angathe kungoleka kuulula. Atsikana a m'kafukufukuyo sadaitanidwe ngati zibwenzi za anyamata aja, choncho panalibe wotsimikiza kapena wotsutsa. Kutsika kwa HSV-2 kukutithandiza, pakuti magazi sachita manyazi, koma kukungoonetsa kuti kagonedwe kadasintha. Za dzanja lomenya sikunenapo kanthu.

Chachiŵiri, zopezeka ku Eastern Cape si lamulo la dziko lonse lapansi. M'chaka chomwecho cha 2010, Guy Harling ndi anzake adaunika ziŵerengero za maiko 10, kuphatikizapo Malaŵi, Zambia ndi Zimbabwe, ndipo sadapeze mgwirizano wooneka pakati pa nkhanza za m'banja ndi HIV. Mu 2015 Dick Durevall ndi Annika Lindskog adaunikanso ziŵerengero za maiko a mu Africa, napeza kuti mgwirizanowo ulipo, makamaka pamene nkhanza ikuyendera limodzi ndi khalidwe la mwamuna lolamula mkazi pa zonse. Ife tiona kuti zimenezi zikulimbikitsa muyeso wachiŵiri uja wa Mai Jewkes, komanso zikutichenjeza kuti tisamanyamule nambala ya dera lina ngati kuti ndi yathu.

Chachitatu nchokhudza nzeru zakuya. Muyeso wa mphamvu umayeza ngati sikelo ya pamsika: uku kwalemera, uku kwapepuka. Koma kulingana mphamvu si chikondi, ndiponso si chilungamo chonse. Anthu aŵiri olingana mphamvu angathe kunamizana mofanana ndi kupatsana matenda mofanana. Nambala zao zomwe zikuvomereza zimenezi, pakuti matenda ambiri mwa aja 128 adagwera akazi amene sadatchule nkhanza yobwerezabwereza. Wina akachoka pa zolembazi akuganiza kuti nkhanza ikatha Edzi yatha, ndiye kuti waŵerenga molakwa. Ndiponso kafukufukuyu angathe kutiwuza kuti mwamuna wasintha, koma chimene chidamgwira mumtima usiku umene adatsitsa dzanja lake sangachifike. Chimenecho ndi cha chikumbumtima, ndipo sichiloŵa m'bokosi la mafunso.

Mantha ndi Kufuna

Nchodabwitsa kuti miyeso iŵiri ya Mai Jewkes ikugwera pa malire amene anzeru akale adaŵalemba kale. Aristotle adasiyanitsa munthu wokankhidwa ndi mphamvu yochokera kunja, amene sachitapo kanthu mwini wake, ndi wamalonda amene amataya katundu wake m'nyanja poopa namondwe. Wachiŵiriyu wafunadi kutaya, koma popanda namondwe sakadataya. Thomas Aquinas Woyera adatenga chitsanzo chomwechi pofotokoza kuti chochitidwa mwamantha nchofunidwa ndithu, komabe pa mbali ina nchosafunidwa. Wogwiriridwa ali m'gulu loyamba. Koma akazi ambiri a m'kafukufuku uja ali m'gulu lachiŵiri. Amavomera, monga wamalonda uja amavomera.

Kusiyanitsa kumeneku kukutiteteza ku zolakwa ziŵiri. Kulakwa koyamba ndi kwa mlangizi amene amati, popeza mkaziyo sadakuwe, ndiye kuti adafuna, ndipo mlandu ndi wake. Katekisimu wa Mpingo Wakatolika, pa nambala 1735, amaphunzitsa kuti mantha ndi kukakamizidwa zimachepetsa mlandu wa munthu, mwinanso kuuchotseratu. Kulakwa kwachiŵiri ndi kwa wachifundo amene amamuona mkazi ngati chipika chongotengedwa ndi madzi. Mai Jewkes adakuona kulakwa kumeneku, ndipo m'zimene adalemba ndi Robert Morrell adasonyeza kuti atsikana amasankha ndithu, kungoti bwalo losankhiramo ndi lopanikizika, ndipo ambiri adaleredwa kuti aziyesa ulamuliro wa mwamuna ngati chizindikiro cha chikondi. Apa mpamene tikumvetsa chifukwa chake maola 50 adapindula kwa anyamata koposa atsikana. Mnyamata ankangofunika kuleka chimene chili m'manja mwake. Mtsikana ankabwerera ku namondwe yemwe uja, ndi umphaŵi womwe uja.

Mau Otsiriza

Wina anganene kuti zonsezi zatha ntchito. Mu 2024 kafukufuku wochitikira ku South Africa ndi ku Uganda adaonetsa kuti mwa atsikana ndi amai 2,134 amene ankalandira jakisoni wa lenacapavir kaŵiri pachaka, panalibe ndi mmodzi yemwe amene adatenga HIV. Chimenechi nchokondweretsa kwambiri, makamaka popeza mkazi angathe kudziteteza popanda kupempha chilolezo usiku uliwonse. Koma jakisoni amateteza magazi, sachotsa mantha. Mkazi angathe kukhala wopanda kachirombo, nkumanjenjemerabe akamva mapazi pakhomo.

Kwa ife amene anthu amatifikira ndi nkhani za m'nyumba, phunziro lake nlolemera. Mau akuti banja ndi kupirira tidaŵamva kwa makolo athu, ndipo ali ndi choona chake. Koma tikaŵanena kwa mai amene wafika ndi diso lotupa, tisanamfunse ngati ali pangozi, tingakhale tikumbwezera kumene kuli imfa yake. Malamulo a Mpingo, pa nambala 1153, amalola kupatukana pamene wina akuika mnzake kapena ana pangozi yaikulu ya thupi kapena ya mzimu, koma akhristu ambiri sadamvepo zimenezi m'kamwa mwathu. Ndipo ngati zimene zidaoneka ku Eastern Cape zili ndi choona, ulaliki wa kukhulupirika uyenera kulunjika makamaka kwa amene ali ndi mphamvu yosankha. Nthaŵi zambiri ameneyo ndi bambo uja amene amakhala kumbuyo m'tchalitchi, kapena amene sabwera nkomwe. Mai Jewkes adapita kukamfuna m'midzi 70. Nafenso tidzifunse kuti tidapita liti kukamfuna.